Kulira Kwanga Kuwiri

Ndinalowa koleji ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, patatha miyezi isanu ndi inayi amuna anga atamwalira. Sukulu ndinalekezera Folomu 2 kwathu ku Dedza, ndipo kuchokera pamenepo cholembera ndinkachigwira posayina basi. Ntchito yanga ndi yochapa ndi kusita kunyumba yosungirako okalamba ku Midland, mumzinda wa Perth, kuno kudziko la azungu. Ndimayamba mamawa, ndimaweruka masana, ndiye nthawi yotsalayo ndinkangokhala m'nyumba ku Balga, dera lina la mzinda womwewu, zenera lotseka. Mnzanga wina wa kutchalitchi, mayi wa ku Ntcheu, ndi amene anandibweretsera kapepala ka kolejiyo. Anati kuli maphunziro a anthu akuluakulu amene sukulu inawapita ali ana, ndipo anandiuza mosabisa kuti akufuna ndizituluka ndisanayambe kucheza ndi makoma.

Iye ankayembekeza kuti ndisankha za kusamalira odwala. Ine ndinasankha za ziyankhulo ndi zolembalemba, chifukwa makalasi ake ankagwa Lachiwiri ndi Lachinayi masana, masiku amene ndinkaweruka msanga. Panalibe chifukwa china.

M'kalasimo ambiri anali ana ongomaliza kumene sekondale. Akuluakulu tinalimo atatu, ndipo tinkakhala kumbuyo ngati makolo obwera kumsonkhano. Aphunzitsi athu aakulu anali mayi wachizungu wa imvi, oyankhula pang'onopang'ono, zomwe zinandithandiza chifukwa Chingerezi cha ana a kuno chimathamanga. Ntchito yoyamba imene anatipatsa inali yojambula munthu akuyankhula kwa mphindi ziwiri, kenako kulemba chilichonse chimene chatuluka pakamwa pake, ngakhale kutsokomola, kupuma, ndi pamene wakhala chete. Ndinajambula mnzanga wa ku Ntcheu uja akundilongosolera njira yopitira kusitolo ya nsomba zouma. Mphindi ziwirizo zinanditengera masiku anayi. Nditamaliza ndinaona kuti mayiyu samaliza chiganizo ngakhale chimodzi, amangolumphira pa china, koma zaka zonsezi ndakhala ndikumumva bwinobwino. Nditamuonetsa pepalalo anaseka mpaka misozi.

"Ndiye mwapita kukoleji kuti mukadziwe kuti ndine wolongolola? Bwenzi mutangofunsa amuna anga, akanakuuzani tsiku lomwelo."

Sukuluyo ndinaikonda, ndisaname. Ndinkawerenga nkhani zazifupi ndi ndakatulo m'basi, dikishonale ili pamiyendo. Ndinadabwa kumva kuti pali anthu ophunzira amene ntchito yawo ndi kumvetsera mmene anthu wamba ngati ine timayankhulira, ndipo satikonza.

Teremu yachiwiri kunabwera mphunzitsi wothandizira. Anali mtsikana wa ku Malawi, wokulira ku Lilongwe, amene ankachita maphunziro apamwamba kuyunivesite ina mumzinda muno, ndipo kwathu kukoleji ankabwera Lachinayi lokha. Ataona dzina langa pamndandanda anabwera kumbuyo kumene ndinakhala, nandipatsa moni wa Chichewa, dzanja lina litagwira mkono. Kuyambira tsiku limenelo ankanditcha anti. Ndinamuuza kuti m'kalasi ndizimutcha aphunzitsi, koma tikatuluka pageti ndi mwana wanga ndipo ndikhoza kumutuma. Anali ndi kagalimoto kakale, ndiye tikaweruka ankandiperekeza mpaka ku Balga, n'kudya kwathu asanapite. Ankandidandaulira za nyumba imene ankakhala ndi anzake anayi, za mnyamata amene anamusiya kumudzi, za aphunzitsi ake omuyang'anira amene ankangomubwezera zolemba zake. Ine ndinalibe mwana. Ndinayamba kusunga ndiwo zabwino kuti zidikire Lachinayi.

Za kusakhala ndi mwanaku ndiyenera kufotokoza, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Ndinakhala pabanja zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi popanda mphatso. Kumudzi aliyense ankadziwa kuti vuto ndi langa. Apongozi anga aakazi ananditengera kwa asing'anga atatu, ndipo ankandiuza pamaso pa anthu kuti ndikungomaliza chakudya cha mwana wawo. Titabwera kuno, amuna anga atapeza ntchito ya zamagetsi kumgodi, tinapita kuchipatala tonse awiri. Adokotala anati ine ndilibe vuto lililonse, vuto lili kwa abambo, ndipo silochizika. Titatuluka tinakhala m'galimoto nthawi yaitali osailiza. Kenako anandipempha, maso ali pachiwongolero, kuti zimenezi zithere momwemo, amayi awo asadzamve, abale awo asadzamve. Ndinalonjeza. Anali munthu wabwino. Abale awo atawapezera mkazi wina kumudzi anakana, ndipo sananditukwanepo. Koma Lamlungu lililonse akakhala kuti ali pakhomo, tikaimba foni kumudzi, apongozi ankafunsa ngati zipatala za azungu nazonso zandilephera, ndipo amuna anga ankangoyang'ana pansi.

Anamwalira kukampu ya kumgodi, kutali kumpoto, kutatsala masiku awiri kuti abwere kudzapuma. Mtima unangoima. Thupi linabwera ku Perth pandege, ndipo linayenera kupita ku Dedza pandege ina. Ine sindikanatha kuliperekeza chifukwa mapepala anga okhalira kuno anali pa dzina lawo, ndipo ondithandiza anati ndikatuluka nthawi imeneyo sindidzaloledwa kubwerera. Alamu anga, achimwene awo a malemu, ataimba foni anati popeza mkazi sadzakhalapo m'siwa, anthu adzafunsa ngati analira. Anapempha kuti tijambule kulira kwanga, titumize, akakuike pa sipika ya kwaya kuti onse amve.

Choncho tsiku lokaona nkhope, m'kachipinda kozizira ka kumalo osungirako maliro, mnzanga wa ku Ntcheu anaima pambali panga foni ili m'manja. Tinalimo awiri basi. Nditaona nkhope yawo ndinaiwala za foniyo. Ndinalira mmene timalirira kwathu, kuyankhula ndi womwalirayo, ndipo zonse zinatuluka. Ndinawafunsa kuti andisiya bwanji ndi katundu wawo pamutu. Ndinawakumbutsa zimene ananena adokotala, ndi mmene amayi awo ankanditchulira chumba iwo ali pompo. Ndinawafunsa kuti tsopano mboni yanga ndi ndani.

Kwathu mawu otuluka pamutu pa bokosi satsatidwa. Mkazi akhoza kunena chilichonse, amayi omugwira amamva, koma akatuluka m'siwa sakazibwereza. Sindikunena kuti miseche kulibe, koma wobwereza mawu a namfedwa amadziwa yekha kuti akuchita chinthu choipa. Mnzanga uja sanandifunse kanthu. Titafika kugalimoto anatseka magalasi, nayatsa mphepo yoziziritsa chifukwa kunja kunkatentha koopsa, ndipo anati, "Lirani kachiwiri, mayi. Koma za adokotala muzisiye." Ndinaliranso momwemo, pamalo oimikapo magalimoto, iye akujambula. Misozi inali yeniyeni ngati yoyamba ija, kungoti ndinkasankha mawu. Kulira kwachiwiriku ndi kumene tinatumiza ku Dedza, ndipo apongozi ananditumizira uthenga woti ndamulira bwino mwana wawo. Kulira koyamba kuja mnzanga anakusamutsira mufoni yanga, n'kukufufuta m'yake ine ndikuona. Sindinakumvetsereko. Kufufuta ndinkalepheranso.

M'teremu yachiwiri ija tinafika pa mutu wa zolembalemba zapakamwa, ndiye kuti nyimbo, nthano, ndi zina zimene anthu amapeka osalemba. Aphunzitsi aakulu anatiuza kuti m'mayiko ambiri kulira maliro kwa amayi ndi ndakatulo, kuli ndi kayendedwe kake ndi malamulo ake. Ndinakhala kumbuyo kuja ndikuganiza za zimene zinali mufoni yanga. Pobwerera m'galimoto mtsikana uja anandiuza kuti kafukufuku wake ndi wa zomwezo, mmene amayi a kwathu amalirira maliro akakhala kunja, koma akusowa zojambula chifukwa palibe amene amalola kujambulidwa pa nthawi yotere. Tinafika kunyumba. Titadya, dzuwa lidakali pamwamba, ndinatenga foni ndi kuiika patebulo. Ndinamuuza kuti ndili ndi kulira kuwiri, ndipo kumodzi sindinakumvepo chifukwa ndekha sindingathe.

Tinamvetsera limodzi. Mtsikanayo analira kuposa ine, anandigwira dzanja mpaka zala kuwawa. Ndinamufotokozera zonse, za adokotala, za lonjezo la m'galimoto. Ndikukumbukira mawu ake bwinobwino, chifukwa ndawabwereza m'mutu kambirimbiri: "Anti, izi tamva awiri, ndipo zithera kwa awirife." Kenako anapempha kuti ndimutumizire zonse ziwiri kuti azindithandiza kuzilemba. Anati ntchito ya kukalasi ndipereke kulira kwachiwiri kokha, koyambako iye angokugwiritsa ntchito poyerekeza, kuti amvetse.

Sabata yotsatira anabwera ndi fomu. Fomuyo ndinkaidziwa, chifukwa tinaiphunzira m'kalasi: usanajambule munthu umamupempha chilolezo, amasayina, ndipo iwe umalonjeza kuchotsa dzina lake. Pamayeso a mutu umenewu ndinakhoza bwino. Ndinaiwerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere, ndipo ndinaima pamene panalembedwa kuti zojambulazo zikhoza kugwiritsidwa ntchito pophunzitsa ndi pamisonkhano. Nditamufunsa anati mzere umenewo umakhala pafomu iliyonse, ndi mwambo chabe wa kuofesi, popanda pepalalo saloledwa ngakhale kusunga mawuwo pakompyuta yake. Ndinaona pepala, ndinaona mwana amene amadya pakhomo panga. Ndinasayina.

Masabata atatu tinakhala patebulo lija tikulemba kulira konse kuwiri, mzere ndi mzere. Ine ndinkamuuza pamene mawu ameza misozi, iye ankamasulira m'Chingerezi. Zizindikiro zosonyeza pamene ndapuma ndi pamene mawu akwera ndinkaika ndekha ndi pensulo. Ndinapereka kulira kwachiwiri, ndipo aphunzitsi aakulu analemba pansi pake kuti ndili ndi khutu labwino. Pepalalo ndinaliika pafiriji.

Kumapeto kwa chaka kolejiyo inakonza tsiku loti aphunzitsi ndi ophunzira aonetse zimene akufufuza. Mtsikana uja anapatsidwa mphindi makumi awiri. Anaitana anzake a kuyunivesite, Amalawi ndi a ku Zambia, ndiponso mabanja angapo a kutchalitchi. Ine anandiuza kuti ndisalephere, ndi tsiku lake lalikulu. Ndinasinthana shifiti ndi mnzanga wa kuntchito, ndinakazinga mandasi odzaza beseni, ndinavala chilundu chimene ndinali ndisanavale chimwalirireni amuna anga. Ndinakhala mzere wachitatu. Kumbuyo kwanga kunakhala mkazi wa injiniya wina amene ankagwira ntchito mgodi umodzi ndi malemu, ndipo pambali pake ana a sukulu atatu atakweza mafoni kujambula mnzawo, monga timachitira wathu akaima kutsogolo.

Anayankhula bwino, mopanda mantha. Kenako pakhoma panaoneka mawu akuti Mayi A, ndipo pansi pake zaka zanga, chigawo chapakati, wamasiye, wokhala ku Perth. Anayamba ndi kulira kwachiwiri. Mawu anga anatuluka m'masipika a kudenga, aakulu kuposa mmene ndinawamverapo. Ndinadzilimbitsa kuti kumeneku ndi kumene Dedza yonse inamva kale. Kutatha, anauza anthuwo m'Chingerezi kuti tsopano amve zimene mayi yemweyo ananena mphindi makumi awiri m'mbuyo mwake, pamene ankaganiza kuti akumumva ndi womwalira yekha.

Kulira koyamba ndi kwa mphindi zinayi ndi masekondi khumi ndi limodzi. Ndikudziwa chifukwa ndinakulemba ndekha. Pakhoma pankayenda mizere ya Chichewa, pansi pake Chingerezi, pamodzi ndi zizindikiro zanga za pensulo zija atazitaipa bwinobwino. Kumbuyo kwanga anthu ankanong'onezana chiyambire, koma pofika pa mawu a adokotala kunangoti zii. Sindinadzuke. Ndinaganiza kuti ndikadzuka ndiye kuti ndavomera. Zitatha anthu anaomba m'manja, ndipo bambo wina wachizungu anafunsa funso la mmene mayiyo amakokera mpweya pakati pa mizere. Pa nthawi ya tiyi Amalawi onse anadya mandasi anga, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anandiyang'ana kumaso. Mkazi wa injiniya uja, amene nthawi zonse amandikumbatira, anangondigwira paphewa n'kudutsa.

Mtsikanayo ndinamupeza m'khonde akulongedza kompyuta yake. Nkhope yake inali yowala. Anandifunsa ngati ndaona mmene anthu akhudzidwira.

"Unati zithera kwa awirife," ndinatero.

"Anti, dzina lanu sindinatchule. Palibe paliponse pamene pali dzina lanu, ngakhale la ankolo."

"Mu Perth muno muli akazi angati oyankhula Chichewa cha ku Dedza amene amuna awo anamwalira chaka chatha? Mawu angawa ndi omwe amayambitsa nyimbo kutchalitchi Lamlungu lililonse. Unachotsa dzina, nanga mawu unawachotsa?"

Ananena motsitsa kuti ndinasayina. Anawonjezera kuti nkhani yanga ithandiza amayi ambiri amene akunamiziridwa ngati ine, ndipo ankaganiza kuti mumtima ndikufuna kuti zidziwike. Mwina pamenepo sananame kwenikweni. Zaka zambiri ndinkalakalaka wina atadziwa. Koma ndikanafuna kuulula ndikanaulula ndekha, kwa anthu amene ndasankha, osati m'holo ya anthu odya mandasi. Ndinamusiya ali chiimire, beseni ndinalisiya komweko.

Lolemba ndinapita kwa aphunzitsi aakulu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, nkhope yawo inafiira, ndipo anapepesa kangapo. Anati ndili ndi ufulu wobweza chilolezo changa nthawi iliyonse, nandipatsa fomu ina yosayina. Pasanathe sabata ndinalandira kalata yonena kuti zojambula zonse zafufutidwa ndipo sizidzalowa m'buku la mtsikanayo. Zonse anachita mwadongosolo. Koma kanema wa ana a sukulu aja anali atalowa kale pagulu la pafoni la Amalawi a kuno tsiku lomwe lija, ndi mawu oyamikira mwana wathu amene watikweza. Wina anamuchotsa patapita maola angapo. Mnzanga wa ku Ntcheu anabwera kunyumba Lachisanu ndipo sanakhale pansi. Anati pagulupo pali mayi amene mng'ono wake anakwatiwa kufupi ndi kwawo kwa amuna anga, ndipo ngati sindikufuna kuti apongozi akamve pachitsime, ndiimbe ndekha. Za kundidzudzula kuti ndinaperekeranji foni sananene, ngakhale ndinaona kuti zili pakamwa.

Ndinaimba Loweruka masana, kumudzi kuli m'mawa. Apongozi alibe foni, ndiye ndinaimbira alamu, n'kuwapempha kuti apereke kwa amayi ndipo iwo apite pataliko. Ndinawapatsa moni, ndinafunsa za miyendo yawo ndi za mvula. Kenako ndinawauza zonse mwadongosolo: chipatala, zimene ananena adokotala, pempho la mwana wawo, kulira kuwiri, ndi mmene zafikira m'mafoni a anthu. Sanandidule. Nditamaliza ndinkangomva wailesi ya anthu ena chapatali.

"Mwana wanga anakupemphani kuti mubise?" anafunsa.

"Eya, amayi."

"Ndiye mwaululiranji?"

Ndinayankha kuti sindinaulule, ndinangolira, ndipo amene ndinamukhulupirira ndi amene wandichita zimenezi. Anapuma mwamphamvu.

"Ife kuno tinalira nanu pa sipika, mudzi wonse. Ine ndinkauza anthu kuti mpongozi wanga wamulira bwino mwana wanga. Osadziwa kuti mwatitumizira kotsala, kulira kwenikweni mwasungira azungu."

Ndinafuna kunena za zaka zonse zimene ananditcha chumba, za asing'anga atatu aja, za mankhwala owawa amene ndinamwa popanda matenda. Ndinadikira kuti mwina anenapo okha ngakhale liwu limodzi. Anangoitana alamu kuti adzatenge foni yawo.

Mtsikana uja ananditumizira mauthenga atatu aatali. Woyamba ndinawerenga, enawo ayi. Anasiya kuphunzitsa kukoleji kwathu, ndipo ndinamva kuti anasintha mutu wa kafukufuku wake. Ine sukulu sindinasiye, ndili m'chaka chachiwiri. Ntchito zojambula anthu ndimachitabe, koma fomu ija ndimawawerengera ndekha mokweza, m'Chichewa ngati ndi akwathu, ndipo pamzere uja ndimaima n'kuwauza tanthauzo lake lenileni. Awiri anakana kusayina atamva.

Nkhaniyo inafikadi kumudzi. Msuweni wanga anandiuza kuti amuna ena amatchula malemu moseka kumowa, ndipo apongozi anasiya kupita kumsonkhano wa amayi Lachinayi kwa miyezi ingapo. Mvula itatha abale awo anamanga chiliza. Tinali titagwirizana kale kuti adzadikira mapepala anga atuluke kuti ndidzakhalepo, ndipo mapepalawo anali atatuluka. Sanandiuze tsiku. Ndinaona zithunzi pafoni ya msuweni wanga yemweyo: apongozi atakhala pampando pambali pa manda, alamu ataima kumbuyo kwawo, ana a alamu atavala zofanana. Ndinakulitsa chithunzicho ndi zala kuti ndiwerenge zolembedwa pamwala. Analembapo kuti anali mwana wokondedwa, mchimwene, ndi malume wa ambiri. Za kuti anali mwamuna wa munthu sanalembepo.